Thadzi la pa Chinkhoswe cha Natalie

Pa 11 Febuluwale, komiti ya eni nyumba ya mudzi wina wa m'mbali mwa tauni ya Laurel ku Maryland, kufupi ndi Washington, inalengeza, itakhala pansi kanayi ndi kuvota kawiri, kuti kuyambira mwezi wa Malichi munthu aliyense wa m'mudzimo ali ndi ufulu woweta nkhuku kuseri kwa nyumba yake. Chilengezocho chinali cha masamba asanu ndi limodzi. Tsamba loyamba linalonjeza mazira atsopano patebulo la banja lililonse, ubale wolimba pakati pa oyandikana nyumba, ndiponso ana odziwa kumene chakudya chimachokera. Masamba asanu otsalawo anali a zoletsedwa.

Nkhuku zisapose zinayi. Zikhale zazikazi zokhazokha, pakuti ndime yachinayi inaletsa tambala wamtundu uliwonse, wamsinkhu uliwonse. Khola litalikirane ndi mpanda mapazi khumi ndi asanu, ndipo lipakidwe penti yofanana ndi ya nyumba. Nkhuku yobwera yamoyo kuchokera kwina ikhale ndi kalata ya dokotala wa ziweto, kenaka idikire kuti komiti ikhale pansi, ndipo komitiyo imakhala pansi kamodzi pa miyezi itatu. Ndime yachisanu ndi chinayi inaletsa kupha nkhuku pamalopo. M'munsi munasaina mlembi wa komiti, Mayi Robin.

Mudziwo uli ndi nyumba mazana awiri, zofanana ngati zinabadwa tsiku limodzi. Mwa eni ake onsewo, amene anawerenga chilengezocho mpaka kumapeto anali mmodzi yekha, a Fryson Kamtedza, ndipo anachiwerenga kawiri pensulo ili m'manja.

A Kamtedza ndi a ku Dowa, munthu wamfupi, wa magalasi omangirira kachingwe m'khosi. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anali mlangizi wa ziweto. Ankayenda pa njinga yamoto m'midzi ya ku Mponela ndi ku Madisi, kugawa nkhuku zakuda za mikolongwe ndi kudontheza katemera wa chitopa m'maso mwa nkhuku za anthu, moti ana a kumeneko dzina lawo lenileni sankalidziwa, ankangoti kwabwera Achitopa. Akazi awo, a Ellen, atapeza ntchito ya unamwino ku Maryland, iwo anatsatira atagwira dzanja la mwana wawo mmodzi yekhayo, Natalie, yemwe anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Satifiketi yawo ya ziweto anthu a kuno anaiyang'ana mwaulemu ndithu n'kuibweza. Ntchito imene anaipeza inali ku bungwe lina la mu Washington lothandiza alimi a ku Africa, komwe kwa zaka zambiri ankasanja mafayilo ndi zithunzi za amayi akumwetulira atanyamula nkhuku. Nkhuku zina m'zithunzizo zinali zodwala moonekeratu, koma palibe anawafunsapo. Chaka chatha bungwelo linatseka mbali yawoyo. Anawapatsa kalata yoyamikira mtima wawo wokonda Africa, ndi kapu ya tiyi yolembedwa dzina la bungwe.

Kuchokera pamenepo a Kamtedza akhala ali pakhomo. Amatchetcha kapinga, amatulutsa bini Lachiwiri, amaperekeza a Ellen kuntchito.

Chilengezo cha komiti chinawapeza mwezi womwewo umene Natalie ananena kuti akufuna kukwatiwa ndi Yotam, mnyamata wa ku Zambia, ndipo chinkhoswe chidzakhale kumapeto kwa Seputembala. Paja pa chinkhoswe bambo wa mtsikana alibe mawu. Olankhula ndi amalume, olulutira ndi amayi. Bambo amangokhala pampando wakutsogolo atavala jekete. Amene analonjeza kupeza holo ndi a Ellen, zakudya anati adzaona okha anawo. Chotsala chinali chimodzi. Pamwambowo akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amabweza thadzi, kusonyeza kuti mabanja awiriwa alandirana. Amalawi a kuno vutoli analithetsa kalekale: pali nkhuku ziwiri zamtengo, zosemedwa ku Dedza, zimene mayi wina wa ku Wheaton amasunga pamwamba pa filiji. Zamanga maukwati khumi ndi anayi, atatu mwa iwo anatha kale, ndipo thadzilo mlomo wake ndi womata ndi guluu.

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, anthu akumwa tiyi, wina anakumbutsa kuti nkhuku zamtengozo azisungitsiretu. A Kamtedza anaika kapu pansi.

"Pa chinkhoswe cha mwana wanga sipadzafika chidole," anatero, mokweza pang'ono kuposa mmene ankafunira. "Padzafika thadzi lopuma, la pakhomo panga."

Anthu anaombera m'manja. M'galimoto pobwerera, a Ellen anadikira mpaka atalowa mumsewu waukulu.

"Bambo a Natalie, pakhomo panu pali nkhuku?"

"Padzakhala."

"Ine ndimaonapo agologolo ndi mphaka wa Mayi Robin. Kapena pali pakhomo pena pamene sindikupadziwa."

Koma a Kamtedza anali ataona chimene komiti sinaone. M'masamba onse asanu ndi limodzi aja munalibe mawu oti dzira. Analemba kalata kwa Mayi Robin kufunsa ngati dzira ndi nkhuku, ndipo patapita sabata ziwiri yankho linabwera loti, malinga ndi maganizo a komiti, dzira si nkhuku mpaka litaonetsa lokha kuti ndi nkhuku. Tsiku lomwelo anaitanitsa mazira khumi ndi awiri kwa mlimi wina wa kum'mwera kwenikweni kwa dziko lino, a nkhuku zakuda za mtundu womwe uja ankagawa ku Madisi. Anagulanso makina ofungatira mazira, kanthu kozungulira ngati beseni, ka chivindikiro choonekera mkati.

Bokosi linayenda masiku asanu. Pa foni ankaliona likudutsa Maryland osaima, kukagona dera lina kumpoto, n'kubwerera. Linafika kona imodzi itaphwanyika, ndipo wobweretsayo analisiya pakhomo chozondoka, mivi yolozera kumwamba ikuloza simenti.

Apa ndiye panaoneka kuti munthuyu ntchito yake amaidziwa. Sanatsuke dzira ngakhale limodzi, ngakhale a Ellen ananena kuti ena ali ndi zitosi. Sanathamangire kuwaika m'makina. Mkati mwa dzira, kumbali yaikulu, mumakhala kathumba ka mpweya kamene mwanapiye amayambira kupuma, ndipo dzira likagwedezeka paulendo kathumbako kamamasuka n'kumayendayenda. Mankhwala ake ndi kuliimika, kosongoka kuli pansi, n'kulisiya tsiku lathunthu osalikhudza. Anachita momwemo. Limodzi linali ndi mng'alu, analitaya. Khumi ndi limodzi otsalawo anawalemba ndi pensulo, mbali ino mtanda, mbali inayo kabwalo, n'kuwandandalika m'makina m'chipinda cha pansi, pafupi ndi makina ochapira. Katatu patsiku ankatsika kukawapendeketsa pang'onopang'ono ngati akutembenuza wodwala. Kutentha ndi chinyezi ankalemba m'kope, m'mizere yojambula ndi lula.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anatseka katani, n'kuunika dzira lililonse ndi tochi. Anayi anali oyera mbee, opanda kanthu. Koma m'mazira asanu ndi awiri munali kadontho kakuda, timitsempha tofiira titatambasuka ngati miyendo ya kangaude. Anaitana a Ellen kuti adzaone.

"Asanu ndi awiri," anatero. "Ngakhale zitavuta bwanji, mathadzi atatu sangalephere. Limodzi la chinkhoswe, awiri a mazira."

A Ellen anasuzumira, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayankhe chopweteka. Anangoti, "Kakugunda."

Tsiku lakhumi linali Loweruka, tsiku limene ankhoswe anapangana kukumana kunyumba kwa a Kamtedza kuti amange tsiku. Kuchikazi kunali a Ernest, mlongo wa a Ellen, amene amakhala m'fulati ku Wheaton. Kuchimuna kunabwera amalume a Yotam, a Goodwell, munthu wamtali wa mawu odzaza chipinda, wogwira ntchito ku banki ina yaikulu ya mu Washington, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Zokambirana zinatha bwino ndi msanga. A Kamtedza, monga mwa mwambo, sanalankhulepo. Mwina n'chifukwa chake tiyi atabwera anadzimva akunena kuti, "Asewere, bwerani mudzaone thadzi lanu." Akanangokhala chete.

Anatsika atatu. A Goodwell anawerama pa makinawo manja ali kumbuyo, akugwedeza mutu ngati munthu woyendera ntchito ya chitukuko.

"Ni vabwino maningi, asebele. Manje mwaziba bwanji kuti ni amoyo?"

"Ndinaunika ndi tochi."

"Tochi," anatero a Goodwell akuseka. "Amai banga ku Katete benze na nkhuku zopitilila fifite, sibanagwirepo tochi. Lekani nikuonetseni."

Anatsegula chivindikiro, kutola dzira, kulifikitsa kukhutu, n'kuligwedeza kolimba, monga amachitira munthu aliyense wa kwathu akamagula mazira pa okala.

Limeneli ndi khalidwe limene a Kamtedza analimbana nalo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anaima pansi pa mitengo ya mango yosawerengeka akuuza alimi kuti dzira lofungatiridwa siligwedezedwa, timitsempha take ndi tosalimba kuposa ulusi wa kangaude. Mawuwo anali pakamwa pomwepa. Koma uyu anali mlendo, nkhoswe ya kuchimuna, wobwera koyamba m'nyumba mwawo kudzapempha mwana wawo. Munthu wotere sumugwira dzanja.

"Ili lasukusa," analengeza a Goodwell. "Mvelani, muli manzi chabe."

Kumene kunkamvekako kunali kathumba ka mpweya kaja, kamene a Kamtedza anakakhazika pansi ndi tsiku lathunthu la kudikira. A Goodwell anabwezera dziralo n'kutola lina. A Ernest, poona kuti kuchikazi kukuoneka ngati kosadziwa nkhuku, nawo anatola lawo.

"Ili lili bwino, alamu. Likulemera." Analigwedezanso kuti atsimikize.

"Mwina tikwere," anatero a Kamtedza, mawu ali pansi. "Tiyi akuzizira."

"Tisilize, asebele, yasala yang'ono."

Anasiliza. Limene linapulumuka ndi limodzi lokha, limene linabisika kuseri kwa kambale ka madzi. Pokwera masitepe a Goodwell anawagwira paphewa n'kuwalangiza kuti ulendo wina asamagule mazira kwa anthu osawadziwa.

Patapita masiku anayi anaunikanso. M'mazira asanu ndi limodzi timitsempha tija tinali titasungunuka, patangotsala mzere wofiira wozungulira ngati mphete. Anawakulunga m'nyuzipepala mmodzimmodzi n'kuwaika pansi penipeni pa bini. M'kope analemba tsiku ndi nambala, ndipo pa danga la chifukwa anasiya posalemba.

Lotsalalo linachedwa ndi tsiku limodzi. M'mawa wa tsiku la makumi awiri ndi awiri panaoneka kabowo, kamlomo kakusuzumira. A Kamtedza anakhala pa mpando wapulasitiki mpaka masana, manja atawapanira m'maondo kuti asathandize, poti mwanapiye wothandizidwa kutuluka sakhalitsa. Cha m'ma 2 koloko chigoba chinagawika, panagwa kanthu konyowa, kakuda, konyansa, kakupuma mofulumira. Anakajambula n'kutumizira Natalie. Iye anayankha m'Chingerezi, monga amachitira nthawi zonse ngakhale Chichewa amamva, kuti ndi kokongola zedi ndipo dzina lake ndi Daisy.

Khola linamangidwa, linapakidwa penti yofanana ndi ya nyumba. Mayi Robin anabwera ndi tepi, anayeza mapazi khumi ndi asanu ndi theka, anayamikira thekalo. Chilolezo chinafika chokutidwa m'pulasitiki, cholola mathadzi anayi mpaka Malichi wa chaka chamawa, ndipo a Kamtedza anachikhomera pa chitseko cha khola.

Anthu wamba amadziwa tambala akalira. Mlangizi wa ziweto amadziwa pa sabata yachisanu. Chakumapeto kwa Meyi lipombo la Daisy linayamba kufiira nthawi isanakwane, miyendo inanenepa, ndipo akamva khwangwala ankaimika khosi m'malo mobisala. A Kamtedza anamunyamula, kumutembenuza, kumuyang'ana nthenga za m'khosi, n'kumubwezera pansi. Madzulo omwewo analembera mlimi uja kuti atumize mazira ena. Yankho linali loti nyengo yotentha satumiza, poti mazira amapsa m'njira, ndipo adzayambanso mu Okutobala. Anawafunira chilimwe chabwino.

Sanauze munthu. Ankangodzuka, kupereka chakudya, kusintha madzi, kusesa khola. Daisy anakula n'kukhala wokongola kwambiri, nthenga zakuda zonyezimira mobiriwira dzuwa likawala, ndipo ankawatsatira pa kapinga ngati galu.

"Thadzi lanuli miyendo ngati wosewera mpira," anatero a Ellen tsiku lina ataima pawindo la kukhitchini.

"Mtunduwu umatero."

"Nanga mchirawo?"

"Umateronso."

Chakumapeto kwa Ogasiti, kukucha, Daisy anayesa mawu. Kulira koyambako kunali ngati chitseko cha dzimbiri, moti munthu akanatha kunamizira galimoto ya zinyalala. A Kamtedza anatuluka ndi phazi losavala. Kuyambira tsikulo dzuwa likamalowa ankamutsitsira m'chipinda cha pansi n'kumuika m'katoni yaifupi, poti tambala sangalire ngati sangathe kuimika khosi, ndipo ankamutulutsa anthu onse atapita kuntchito. Njirayi inagwira sabata zitatu. Koma tambala salira m'mawa mokha, ndipo Mayi Robin amagwirira ntchito pakhomo.

Anakumana pa mpanda. Mayi Robin ndi munthu wabwino, wa tsitsi loyera, amene sananyozepo munthu popanda kuyamba wamufunsa za umoyo wa banja lake. Anafunsa za a Ellen, anafunsa za ukwati, kenaka anatulutsa foni n'kuwamvetsera kulira kwa Daisy katatu, kulikonse ndi tsiku lake ndi ola lake. Anati payekha kulirako amakukonda, kumamukumbutsa kwa agogo ake, koma ndime yachinayi si ya iye yekha. Kalata inafika mawa lake. Inawapatsa masiku khumi ndi anayi oti chiwetocho chichoke, ndi fomu yodzasainira chikachoka. Chinkhoswe chinali patsogolo ndi masiku khumi ndi awiri.

A Ellen anawerenga kalatayo ataimirira, yunifolomu asanavule.

"Munadziwa liti?"

"Mu Meyi."

"Mu Meyi." Anapinda kalatayo pawiri, kenaka panayi. "Ine ndakhala ndikuuza amayi a kutchalitchi kuti thadzi likukula. Mlongo wanga wagula dengu. Inu mukudziwa, mukungondiyang'ana."

"Ndimaganiza kuti ndipeza njira."

"Njira yosandutsa tambala thadzi? Anakuphunzitsani zimenezo ku sukulu ya ziweto?"

"Akanapanda kugwedeza mazira aja..."

"Munali pomwepo, bambo a Natalie. Pakamwa munali napo."

A Kamtedza anaimbira mafamu anayi a m'madera ozungulira. Onse anayankha zofanana, kuti nyengo imeneyo sakugulitsa nkhuku zamoyo kwa anthu akunja chifukwa choopa matenda a mbalame. Wachinayiyo anawafunsa ngati akudziwa kusamala nkhuku, poti si ntchito yophweka. A Ellen anaimbira mayi wa ku Wheaton kuti atsitse thadzi lamtengo pa filiji.

Nkhani ya Amalawi siichedwa kufika ku Springfield, kumene a Goodwell amakhala. Lachitatu a Goodwell anaimba foni.

"Asebele, namvela vamene vachitika. Osadandaula. Mulungu achita vintu mwa njira yake. Ise ku chimuna tifunika tambala, imwe muli na tambala. Mutipase chabe, vasila."

A Kamtedza anayang'ana pawindo. Daisy anali akupalasa pansi pa mpanda, mapazi khumi ndi asanu kuchokera pa khola.

"Chabwino, asewere."

Loweruka la chinkhoswe anamusambitsa miyendo ndi kansalu konyowa, anamupukuta lipombo ndi mafuta pang'ono kuti liwale, n'kumuika m'dengu limene a Ernest anagulira thadzi. Anakamupereka kwa a Goodwell poimika magalimoto kuseri kwa holo ya tchalitchi ku Wheaton, mwamsanga, ngati katundu wakuba. Kenaka anakakhala pampando wakutsogolo atavala jekete.

Mwambo unayenda bwino. Anabweretsa atsikana atatu ofunditsidwa zitenje kuti Yotam asankhe wake, ndipo anasankha bwino. Natalie anali wokongola moti a Kamtedza anavula magalasi n'kuwapukuta kawiri. Itakwana nthawi ya nkhuku, a Goodwell analowa akuvina, dengu lili pamutu, ndipo atafika pakati anavundukula. Daisy anaimika khosi, anayang'ana anthu mazana awiri, n'kulira kulira kwathunthu kumene anakhala akukusunga m'katoni sabata zonse zija. Holo inagwedezeka ndi nthungululu. Mafoni onse anakwera m'mwamba. Ana obadwira kuno anathamangira kutsogolo kudzaona.

A Goodwell anatenga maikolofoni.

"Ise ku Zambia sitichita va vidoli," anatero. "Tikafuna mukazi, tileta tambala wamoyo. Mwamuona mweka."

Kenaka inali nthawi ya akuchikazi. A Ernest anabwera ndi thadzi lamtengo pa mbale, atalifunditsa kansalu koluka kuti guluu wa pamlomo asaoneke. Anthu anaseka mwachikondi, poti onse ankalidziwa, ena linawamangira maukwati awo. Bambo wina wokhala mzere wachiwiri, amene analipo tsiku la tiyi lija, anawerama n'kunong'oneza a Kamtedza.

"Achimwene, thadzi lanu likupumira kuti? Sindikuona bwinobwino."

A Kamtedza anamwetulira, poti ndiyo ntchito ya bambo pa chinkhoswe.

Pambuyo pake Natalie anabwera kudzawakumbatira. Anawauza m'Chingerezi kuti Daisy ndiye wakometsa tsiku lonse, ndipo amalume a Yotam ndi munthu woganiza bwino kwambiri pomupatsa tambalayo mpata woonekera. Ankanena ndi mtima wonse. Iwo anati inde, mwanawe, ndi munthu woganiza bwino.

Chimene aliyense anaiwala n'chakuti tambala wa pa chinkhoswe amapita kuchikazi. Anthu akubalalika, a Ernest anafika pa galimoto ya a Kamtedza atanyamula dengu motalikitsa ndi suti yawo.

"Alamu, mukudziwa kwanga ndi fulati, pansanjika yachisanu. Musungireni. Mawa tibwere ndi a Goodwell tidzamudye monga mwa mwambo, nkhani ithe."

Motero Daisy anabwerera ku Laurel pampando wakumbuyo, tsopano ngati mphatso ya apongozi, kutatsala masiku awiri kuti nthawi ya m'kalata ya komiti ija ikwane.

Lamulungu a Kamtedza sanapite kutchalitchi. A Ellen atanyamuka, ananola mpeni pa simenti ya sitepe, anatsika ndi Daisy m'chipinda cha pansi, n'kuyatsa makina ochapira opanda chovala mkati kuti phokoso liphimbe phokoso. Anali atawerenga masamba aja mokwanira kuti adziwe zimene akuchita: kuti amvere ndime yachinayi, ankaphwanya ndime yachisanu ndi chinayi. Tambalayo sanavute. Anazolowera kunyamulidwa ndi manja amenewo kuyambira ali wonyowa. Anamuponda mapiko ndi miyendo pa sinki yochapira monga anachitira ndi nkhuku zosawerengeka m'moyo wawo, n'kumucheka pakhosi. Makina ofungatira anali pa shelefu pomwepo, chingwe chake chitakulungidwa. Nthenga anaziika m'majumbo awiri, lina mkati mwa linzake.

Ankhoswe anafika masana. Natalie ndi Yotam anabwera nawo, koma Natalie atamva chimene chinali m'mbale anati iye sangadye chinthu chimene chinali ndi dzina, ndipo anatuluka kukakhala m'galimoto. Nthutumba inapita kwa mlendo wamkulu, monga kuyenera. A Goodwell anaitafuna atatseka maso.

"Iyi ndiye nkhuku," anatero. "Simungaipeze mu shopu. Yankumbusa ku Katete." Ananyambita zala n'kuloza a Kamtedza ndi fupa. "Manje asebele, ulendo wina mukaitanisa mazira, muniitane. Nizabwela nikusankhileni yabwino."

"Zikomo, asewere," anatero a Kamtedza. M'mbale mwawo munali khosi, ndipo linabwerera kukhitchini lili lathunthu.

Lolemba anadzaza fomu ya komiti. Pa funso loti chiwetocho chinachoka liti, analemba tsiku. Pa funso loti chinapita kuti, anaganiza pang'ono, n'kulemba kuti chili ndi achibale. Mayi Robin anayankha ndi kalata yowathokoza chifukwa cha mgwirizano, ndipo anaonjezera ndi dzanja lake m'munsi kuti akukhulupirira Daisy akusangalala kwawo kwatsopano.

Mu Okutobala mlimi uja analemba kuti wayambanso kutumiza mazira. A Kamtedza anawerenga uthengawo n'kuufufuta. Amatchetchabe kapinga, amatulutsabe bini Lachiwiri. Kutchalitchi ena ayamba kuwatcha Athadzi, ndipo amayankha.

Lipoti la komiti la kumapeto kwa chaka linanena kuti ndondomeko ya nkhuku yayenda bwino koposa, poti nyumba zonse zimene zinalembetsa zikutsatira malamulo. Nyumba yolembetsa inali imodzi. Khola likadali pomwepo, la penti yofanana ndi ya nyumba, ndipo chilolezo cha mathadzi anayi chikadali pa chitseko, chidzatha mu Malichi. M'mudzi wonsewo simunaikiridwepo dzira.